Tsiku Limene a TV Anasowa Wotsutsa

Pamsewu wonse uja palibe amene ankamuitana dzina lake lenileni. Anali Nambalawani basi, poti mayeso aliwonse ankakhala woyamba, mpaka pamene anatenga mimba n'kusiya sukulu. Tsopano mwana anali ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndipo iye ankangokhalira kusita zovala m'shopu ya bambo ake, atelala, koma mtima uli m'kalasi.

Aphunzitsi aakulu anali atanena kuti malo ake alipo, bola kholo lisaine fomu pofika Lachisanu. Koma bambo akewo, eee, ankachita ngati fomuyo ikuluma.

"Suonera TV iwe?" ankatero, mapini ali kukamwa. "Aphungu akufuna lamulo loti m'sukulu mukhale zipinda zolereramo ana, ndiye dziko lagawanika pakati. Tsiku ndi tsiku anthu akulozana zala. Ukufuna makasitomala andithawe?"

Ndiye Lachinayi m'mawa galimoto ya TV inaima pakona. Abale inu, msewu unawira! Mayi a saluni anatuluka ndi chipeso m'manja, kasitomala wawo pambuyo, mutu wolukidwa theka. Ometa anavala jekete dzuwa likuswa mtengo. Nambalawani anaima pakhomo, mwana kumsana, khosi lili tolotolo.

Mtolankhani, mtsikana wa nsapato zazitali, ankafunsa aliyense za lamulo lija.

"Atsikana abwerere kusukulu! Ubongo sutuluka ndi mwana," anakuwa mayi a saluni.

"Likanabwera kale, bwenzi mlongo wanga ali nesi," anatero ometa, akukonza kolala.

Wogulitsa mafoni anavomera. Wokonza njinga anavomera. Chodabwitsa, anthu akamavomera, nkhope ya mtolankhani inkangogwerabe.

"Kodi muno mulibe wotsutsa?" anafunsa.

"Pitani kwa atelala," anatero mayi a saluni. "Amenewo amatsutsa ndi mvula yomwe!"

Anthu anafa nalo phwete, koma Nambalawani sanaseke nawo. Bambo ake sabweza mawu. Akangokana pamaso pa dziko lonse, basi, za sukulu aiwale.

Mtolankhani analowa m'shopu thukuta lili kamukamu, wa kamera pambuyo, msewu wonse utadzaza pazenera.

"Bambo, tithandizeni chonde. Abwana athu salandira nkhani ya mbali imodzi. Pamafunika wovomera mmodzi, wotsutsa mmodzi, mphindi zofanana. Chiyambire m'mawa tafunsa anthu makumi atatu, onse akuvomera."

Atelala anaimitsa makina. "Onse?"

"Onse."

"Ndi ometa omwe? Munthu woumira uja?"

"Ndikumva, achimwene!" anakuwa ometa ali panja.

"Nanga bambo wa tayi yofiira amene amatsutsa pa TV tsiku lililonse uja?"

"Aja timachita kuwatumizira galimoto," anatero wa kamera. "Lero agwidwa chimfine."

Mtolankhani anamuponda phazi, koma mawu anali atatuluka kale. Atelala analavulira mapini m'dzanja mmodzimmodzi.

"Ndiye theka la dziko lija ndi munthu mmodzi wa chimfine?"

Nambalawani anadziluma mlomo kuti asaseke. Mtima unkagunda mpaka ankaopa kuti udzutsa mwana.

"Yatsani chinthu chanucho," anatero atelala. Kagetsi kofiira kanayaka. "Mwanawe, bweretsa pepala lija. Inu achemwali, ndibwerekeni cholembera."

Nambalawani sanadziwe kuti wafika bwanji pakabati. Anatenga fomu ija n'kuwapatsa. Bambo ake anayala fomu pa nsalu ya suti ya eni ake, n'kusaina pang'onopang'ono, mchira wa siginecha utaliutali, kuti kamera ione bwino.

Panja kunabuka chiphokoso. Mayi a saluni anavina mpaka chipeso chinagwera m'ngalande. Mwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira, Nambalawani nayenso misozi chuchuchu uku akuseka, osadziwa woyamba kumutonthoza.

"Koma bambo," anadandaula mtolankhani, "apa simunatsutsetu."

"Kayeseni msewu winawo. Mukakasowanso wotsutsa, kawagulireni mankhwala a chimfine bambo anu aja."

Kenako atelala anachotsa tepi m'khosi n'kumuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Apatse azakhali ako a saluniwo mwanayo, uime mowongoka. Yunifolomu yakale ija singakukwanenso, ndipo sindifuna anthu azinena kuti mwana wa telala wapita kusukulu mabatani akulira."