A Utuchi ndi Manja Obwereka

Sendezani mipando kuno, inu ana ndi inu azilamu, musiye kaye kukanda mafoniwo. Tikambe za a Utuchi, kalipentala uja tamuika m'manda mwezi wathawu, mchimwene wanga. Abusa pamaliro paja anati anali munthu wofatsa. Bodza limenelo, Mulungu awakhululukire abusawo. A Utuchi anali ndi pakamwa ngati sowo.

Dzanja lawo lamanja linali ndi zala zitatu. Chachikulu ndi cholozera zinadyedwa ndi makina ochekera matabwa kalekale, ndipo ankadandaula kuti makinawo sananene n'zikomo yemwe. Lamanzere linagona ndi sitiroko, linkangolendewera ngati sokosi pachingwe. Adokotala anawauza mosapsatira kuti mtima watopa, za maulendo aiwale.

Tsono mwana wawo mmodzi yekhayo, amene tonse timangomutchula Nesi, amagwira ntchito kutali kunja. Kumeneko anabereka mwana wamkazi. Pafoni a Utuchi sankaona kanthu, kagalasi kanachepa.

"Ameneyu ndi mdzukulu wanga kapena mbatata?" ankafunsa, foni ataigunditsa pamphuno.

Ankaseka, koma mumtima munali mantha. Ankaopa kupita asanaione bwino nkhope ya mwanayo.

Nesi anatumiza chigoba chovala kumaso, chija ukavala umaona chipinda chako chomwecho, koma munthu wakutali n'kudzaima pakati pake, wamkulu monga mmene alili. Timarimoti togwira m'manja toyendetsera chigobacho sanatumize.

"Sizifunika, ababa," anatero pafoni. "Chili ndi timakamera toona manja. Ndikaimba pabwera kabatani m'malere. Inu mukayang'ane, kenako mutsine chala chachikulu ndi cholozera, basi."

Nesi anazolowera dzanja la bambo ake mpaka analeka kuliona. A Utuchi nawo, kunyada, sanamukumbutse.

Tsiku loyamba anakhala pabenchi yawo pabalaza, chigoba kumaso ngati wowotcherera zitsulo. Belu linalira. Kabatani kobiriwira kanabwera, kakuyandama pamwamba pa tebulo. Anatsina ndi zala zotsalazo. Zii. Anatsinanso. Chigoba chinalemba kuti sichikuona dzanja.

"Dzanja limene lakhoma zitseko za msewu wonse uno, iwe ukuti si dzanja?" anakalipa. "Unabadwa liti iwe?"

Akazi awo anali pakhomo la khitchini. Dzina lawo ndi a Wailesi, poti akatsegula pakamwa m'mawa amatseka akagona.

"Bweretsani ndikutsinireni, bambo a Nesi."

"Mwanditsina moyo wanga wonse, sizikukwanirani? Mukavala inu, muona inu. Ine ndiona chiyani, msana wanu?"

Anthu awiriwa anali atasiyana zipinda kalekale chifukwa cha mkonono, aliyense akuti wa mnzake. Ndipo chichokereni tsiku limene a Wailesi anapalira poto ndi tchizulo chosemera matabwa, a Utuchi analumbira kuti mayiwo sadzagwiranso chipangizo chawo chilichonse.

Anatsetsereka ndi ndodo kupita pakona, kwa mayi wokonza mafoni. Mayiyo anafukula m'katoni timarimoti tiwiri togwira m'manja, tokhala ndi mabatani oti ngakhale chala chimodzi chingadine. Anaika mabatire. Kanyali kanaphethira, kanaphethira, mpaka kanatopa.

"Agogo, izi ndi za kampani ina. Chigoba chanuchi ndi timarimotiti sizimwerana madzi."

"Zinayambanira chiyani? Mkazi?"

Anayesa mausi ya kompyuta. Pulagi yake inakula, bowo la chigoba linachepa. Anapeza kolumikizira, inalowa, koma chigoba sichinaiyankhe n'moni womwe. A Utuchi anatulutsa m'thumba rimoti ya TV, poti mwina. Mayiyo anaseka mpaka anagwira tebulo.

"Zakezake zilipo, koma n'zoitanitsa. Mudikire miyezi ingapo."

A Utuchi anadzigogoda pachifuwa. "Uzani uyu adikire. Ine sandimvera."

Pobwerera analowa m'shedi mwawo. Anamanga kathabwa pavayisi yopanira matabwa, n'kusema zala ziwiri pogwiritsa ntchito zala zawo zitatu zija, thukuta kamukamu. Anazisalaza ndi sandipepa, mpaka zikhadabo anazilemba. Poti thabwa silipinda, anazisema zitagundana kale nsonga, zotsiniratu. Anazimata m'gulovu ndi guluu.

Ndipo chigoba chinaliona dzanja! A Utuchi anakuwa ngati agoletsa chigoli. Koma dzanja lake linali lotsina osalekeza. Chilichonse chimene diso lagwerapo chinkatseguka. Zanyengo zinatseguka. Nsomba zinayamba kusambira pamwamba pa kabati. Kenako pakati pa balaza panaima mtsikana wa kabudula wothina, wophunzitsa majowajowa, nyimbo ili phokoso.

"Ndani ameneyo akukuuzani kuti mugwedeze chiuno?" anafunsa a Wailesi, chipande chili m'manja.

"Sindinamuitane!"

"Nanga bwanji simukuyang'ana kumbali?"

Belu linalira pomwepo. Nesi. Mabatani anabwera awiri, lobiriwira ndi lofiira. Diso la nkhalamba linathamangira lofiira, zala zathabwa n'kudula foni. Nesi anaimbanso. Zinadulanso. Pafoni ya mayi ake panabwera uthenga woti ngati ababa sakufuna anene, mwana akufuna kugona.

A Utuchi anavula gulovu ija n'kuiponya pansi. Sanatukwane. Anangokhala duu pabenchi, chigoba chili kumaso, mapewa atagwa. A Wailesi anali atamva mitundu yonse ya phokoso la mwamuna ameneyu, koma chete wotere anali asanamumvepo. Anaika chipande pansi.

Belu litaliranso anakoka mpando, n'kukhala kumbuyo kwawo, n'kulowetsa mikono yawo m'khwapa mwa amuna awo mpaka manja anatulukira kutsogolo.

"Bisani zitsa zanuzo. Chiona anga."

"Mukununkha anyezi."

"Inu guluu. Mwakayang'ana kabataniko?"

"Ndakayang'ana. Tsinani."

Anawatsina pamimba.

"Mayo! Osati ine, mfiti inu!"

"Imeneyo ndi ya mtsikana wogwedezetsa chiuno uja," anatero a Wailesi, kenako anatsina m'malere.

Nesi anaima pabalaza, pakati pa tebulo ndi kabati, mwana ali m'manja.  Woyamba kuyankhula anali a Wailesi, ali kuseri kwa khosi la amuna awo, ndipo mayi aja sayankhula manja ali chete. Kumene kunali Nesi kunkaoneka mutu wa bambo ake uli phee, manja akuuluka uku ndi uku.

"Ababa, manja anuwa ayamba liti kulongolola chonchi?" Nesi anaseka mpaka mwana anadzidzimuka. Atazindikira chifukwa chake, kuseka kunatha. "Zala zija. Ababa, pepani. Ndinaiwala."

"Usiye zimenezo. Sendeza munthuyo kuno."

Nesi anagwada, n'kumusendeza mwanayo pafupi. A Utuchi anaona zonse, tsitsi, timakwinya ta pakhosi, makutu otambalala.

"Makutu ndi anga, kalanga mwana wosalakwa," anatero. Kenako mawu anatsika. "Mayi a Nesi, ndinyamulireni."

A Wailesi sankaona kanthu koma khosi la malaya ndi imvi. Anatambasula manja.

"Tsitsani pang'ono. Kumanzere. Kumanzere, inu, simudziwa kumanzere? Mutu, gwirani mutu. Eya. Pomwepo."

Anakhala choncho, mayi atanyamula mphepo mosamala, akuigwedeza pang'onopang'ono, bambo akulira m'chigoba mpaka magalasi anachita nthunzi. Mikono itawawa a Wailesi sananene. Aka kanali koyamba mayi amene uja kusunga dandaulo m'kamwa.

Kuyambira pamenepo belu likalira a Utuchi ankakuwa, "Manja! Manja abwere kuno!" A Wailesi ankabwera akutukwana, akupukuta m'chitenje. Timarimoti take tenitenito tinafika a Utuchi akadali moyo. Anatiyang'ana, anati mabatani ake ndi olimba, n'kutiponya m'dirowa. Sanatiike n'mabatire omwe.

Pano a Wailesi amavala okha chigobacho. Chimawamvera msangamsanga, ndipo akuti n'chosakoma, palibe wokuuza kuti sudziwa kumanzere. Zala zathabwa zija zili pa kabati, zikutsinabe.

Ndiye inu, kamtsikana ka makutu kaja kakadzakula, mudzakauze kuti agogo ake anakanyamula. Musadzawaonjezere zala, musadzawafatsitse ngati abusa aja. Muziwakumbuka ndi pakamwa pawo pomwepo, enafe tikadzapita.