Mpopi Wathu Unalowa mu Vidiyo

Mpopi wathu wa ku Makandanyama unauma mu Juni, ndipo pofika Seputembala nkhuku ya aneba inali itayamba kuikira mazira pansi pake. Ine Nellie Chimbalanga ndine wapampando wa komiti ya mpopiwo. Udindowu ndinaupeza chifukwa tsiku la chisankho ndinafika mochedwa, anzanga n'kundisankha ndisanakhale n'komwe pansi.

Kwa anthu a kwina, mpopi ukauma imakhala nkhani ya ludzu ndi zovala zakuda. Kuno ku Kabwe imakhala nkhani ya fumbi. Fumbi lathu lili ndi mtovu wochokera ku mgodi wakale, mgodi womwewo umene unakoka agogo anga kuchoka ku Ntcheu. Mwana wanga Clara, wa zaka zinayi, atamuyeza magazi kuchipatala, namwino anandiuza kuti ndiziwaza madzi pabwalo m'mawa ndi madzulo kuti fumbi lisamauluke, komanso ndizimusambitsa m'manja asanagwire chakudya chilichonse. Ndinavomera ndi mutu ngati munthu amene ali ndi chitsime kuseri kwa nyumba. Madzi amene ndinkasenza kuchokera kutali ankathera mumphika, ndipo ndisabise, ndinkachita mantha ndikamuona mwanayo akusewera pansi.

Panali bungwe lina la ku Lusaka limene linkakumba mijigo m'makomboni. Dzina la dera lathu linali pa mndandanda wawo, koma kumunsi kwenikweni, ndipo wosunga mndandandawo anali a Edwell, bambo amene nthawi zonse ankakhala "atangotuluka kumene" ngakhale galimoto yawo ili panja. Tinalemba kalata yofotokoza za ana athu. Amayi makumi anayi anasaina, ena anadinda chala. Kalatayo inapita nane kutauni maulendo atatu n'kubwerera nane maulendo atatu.

Kenako kunamveka kuti Zaki Golide akubwera. Kwa inu ndi woimba wotchuka wa maunyolo atatu m'khosi. Kwa ife ndi Zacheus, mwana wa malemu ba Carol ogulitsa vitumbuwa, amene anakula akuthyola mapapaya a eni ake mumsewu wathu womwewu. Ankabwera kudzajambula vidiyo ya nyimbo yokumbukira kwawo, bungwe lija ndilo linkalipirira, ndipo a Edwell ankayenera kudzaonekera pambali pake.

Ndinaitanitsa msonkhano. Tinagwirizana kuti tonse tidzabwere ndi zovala zathu zogwirira ntchito, aliyense ndi ndowa yopanda madzi, tidzaime chete pampopi, ine n'kupereka kalata makamera akuona. Amene analumbira kwambiri anali Felistas, mlembi wathu. Anati iye adzabwera ndi ndowa ziwiri.

Loweruka m'mawa ndinamanga chitenje changa chofwifwa, kalata ndinaipinda n'kuilowetsa m'bulauzi, ndowa kumanja. Nditafika pampopi ndinaganiza kuti ndasochera. Felistas anali ndi wigi yofika m'chiuno, zikhadabo zofiira zoti sangatole nazo ngakhale singano, ndi nsapato za gogoda zomwe zinkamira m'fumbi akaponda. Enawo anali atakokolola salaula yense wa pamsika, kaunjika wa kuno. Ndinawerenga ndowa zonse zimene zinalipo, ndipo inali imodzi, yanga.

Mtima unandiwawa. Ndinamufunsa Felistas kuti ndowa ziwiri zija zili kuti.

"Ba Nellie, iyi vidiyo bazaiona mpaka ku Joni," anayankha akukonza wigi. "Mufuna uja mwamuna ananisiya anione na baketi?"

Magalimoto atafika, anatsika mkulu wojambulitsa, dzina lake Dennis, wakabudula ndi ndolo kukhutu limodzi. Anawayang'ana amayi aja, nkhope yake n'kugwa. Anadandaula kuti wayenda ulendo wonse kuchoka ku Lusaka kudzafuna geto la anthu ovutika, koma wapeza kitcheni pate, phwando la amayi otchena. Analamula kuti onse okongolawo aime kuseri kwa chingwe. Kenako maso ake anagwera pa ine, pa chitenje changa, pa ndowa yanga yong'aluka m'mphepete.

"Aba mami ndiye orijino," anatero.

Sindinadziwe ngati wandiyamikira kapena wanditukwana, koma nditaona mmene Felistas ankandiyang'anira kuseri kwa chingwe, ndinasankha kuti wandiyamikira.

Anandipaka tinthu kumaso kuti ndioneke wotuwa kuposa mmene ndinaliri, zomwe sindinkadziwa kuti n'zotheka. Kuseri kwa nyumba ya aneba anaimika galimoto ya thanki, anakwirira paipi m'dothi n'kuilumikiza kumpopi wathu. Dennis anafotokoza kuti mu nyimboyo Zaki anachoka kwawo ndi ludzu, tsopano wabwera ndi madzi. Ntchito yanga inali kuima wachisoni ndi ndowa, Zaki akatsegula mpopi, ine ndikweze manja ndi kuvina.

Zaki anatsika atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, akununkhira ngati sitolo ya sopo. Ndinali nditakonzeka kumuuza kuti iwe Zacheus, amayi ako ankatunga pompano, taona mmene tikukhalira. Koma anavula magalasi, anandigwira dzanja ndi manja ake awiri n'kunena kuti "mami wanga," ndipo mawu onse aja anathawa. Ndinangomva ndikuseka kaseko kamene sindinasekepo chikwatiwire.

Anatsegula mpopi. Madzi anatuluka ndi mphamvu, oyera, akuthovoka, ndipo fungo la dothi lonyowa linandilowa mpaka m'mutu. Ndinavina. Dennis anati tibwereze, anakhuthula ndowa yanga pansi kuti ionekenso yopanda kanthu, ndinavinanso. Tinabwereza kasanu ndi kanayi. Dennis anandiuza kuti ndili ndi nkhope imene kamera imaikonda, ndipo kuyambira pamenepo ndinkangoganiza za nkhope yangayo. Nthawi yonseyi a Edwell anali ataima pansi pa ambulera, mapazi atatu kuchoka pamene ndinali, kwa ola lathunthu, alibe chochita. Sindinawayang'ane n'komwe.

Kalata ndinaikumbukira ojambula akupinda kale mawaya awo. Ndinaisolola, itanyowa ndi thukuta, n'kuitambasula cha kumene kunali a Edwell. Koma Zaki ndi munthu amene akaona pepala m'manja mwa mzimayi amadziwa chinthu chimodzi chokha. Analilanda, anatulutsa cholembera chakuda chachikulu, analemba dzina lake kuchoka pakona mpaka pakona, pamwamba pa zidindo zonse za zala za amayi aja, n'kujambulaponso kamtima. A Edwell anaomba m'manja. Ine, wapampando wa komiti, ndinagwada pang'ono n'kunena kuti zikomo.

Anazula paipi yawo, thanki inapita, mpopi unadontha kawiri n'kusiya. Ndinabwerera kunyumba ndi ndowa yopanda madzi, chifukwa Dennis anali ataikhuthula komaliza.

Ndinkayembekeza kuti amayi andikalipira. Palibe amene anatero. Anafola pakhomo panga kudzajambulitsa ndi kalata ija, ndipo Felistas anapereka maganizo oti tiiike m'felemu, izigona nyumba iliyonse sabata imodzi. Vidiyo itatuluka ndinasanduka Mami wa Zaki. Makondakitala a minibasi ankandipatsa mpando wakutsogolo. Ndinaionera pafoni ya aneba kokwana khumi ndi kamodzi, ndipo ndinene zoona, ndinavina bwino.

Patatha masabata atatu ndinalemba kalata ina n'kupita nayo kutauni. Ulendo uno a Edwell sanali atatuluka. Anandilandira okha pakhomo, anandiphikitsira tiyi wamkaka, anaitana a mu ofesi yonse kuti tijambulitse. Kenako anakhala pansi, anatsokomola, n'kundiuza kuti dera lathu lachotsedwa pa mndandanda. Mabwana a ku Lusaka anaona vidiyo, anasangalala kuti ku Makandanyama madzi akutuluka ndi mphamvu chonchija, ndipo mjigo wathu anaupereka cha ku Mukobeko.

Ndinawakumbutsa kuti madzi aja anali a m'thanki, ndipo iwo eni anali pomwepo pansi pa ambulera. Anavomera kuti analipo. Koma anati sangalembere mabwana awo kuti vidiyo imene analipirira, imene anthu mamiliyoni awiri aionera, ndi yabodza.

"Mami, vuto ni yakuti munavina na mtima onse," anatero. "Palibe angakhulupirire kuti muvutika."

Tiyi uja ndinamusiya theka. Mu minibasi anandipatsanso mpando wakutsogolo, ndipo ndinakhala ndi manyazi njira yonse.

Nditafika ndinapeza Clara pabwalo ndi anzake, manja m'mwamba, akuvina kavinidwe kanga kaja, mapazi akututumutsa fumbi mpaka m'mawondo. Atandiona anathamangira kudzandikumbatira miyendo, nkhope yonse mbuu, chala chili m'kamwa.

"Mami, muzasegula liti futi mpopi?" anandifunsa.

Ndinamuchotsa chala m'kamwa, ndinamunyamula, n'kumupukuta manja ndi nsonga youma ya chitenje.