Seva Yopepuka

"Mauthenga sakupita," anatero abwana atangolowa muofesi, osapereka ndi moni womwe.

Pulogalamuyo ndinalemba ndine. Inali ya chipatala china: wodwala akapatsidwa tsiku lodzatenga mankhwala, uthenga womukumbutsa uzipita pafoni pake. Ati kwa masabata atatu sipanatuluke uthenga ndi umodzi womwe, ndipo odwala makumi anayi anaphonya masiku awo.

"Bodza limenelo!" ndinakuwa. "Pa laputopu yanga ikuyenda bwinobwino!"

Ndinawaonetsa. Kudina kamodzi, foni yanga nthawi yomweyo ngwee. Titayesa pa seva ya chipatala, imene imayendetsa pulogalamuyo kumeneko, masamba ankatseguka, mayina ankasungika, koma foni ziii.

Abwana anaitana Amalume, bambo woyang'anira maseva athu. Timawatchula choncho chifukwa anayamba ntchito ife tili kusukulu. Anasuzumira pa sikirini, magalasi ali pamphuno.

"Sevayi ili mitundu iwiri," anatero mofatsa. "Pa laputopu pali yathunthu. Kuchipatala kuli yopepuka, ya mawebusaiti okha. Masamba ndi mafomu imatha, koma chigawo choimika mauthenga pamzere n'kuwatumiza mulibe."

Mutu wanga unaima. Dzina limodzi, chizindikiro chimodzi, koma ina yoperewera chiwalo chonse? Abale!

"Anaika yopepukayo ndani?" abwana anafunsa.

"Ndine," anayankha Amalume.

"Ndiye longedzani. Achipatala akufuna wolakwa achoke lero."

Amalume anakatenga katoni pafupi ndi makina osindikizira. Ine chisoni ndinalibe, ndisaname. Ndinali nditapsa mtima. Munthu wa imvi zake, kundiwonongera ntchito ya miyezi isanu! Ndinati ndipeze imelo imene ndinawauza zoti aike, ndiwapatse abwana, nkhani ithe.

Ndinaipeza. Ndinaiwerenga kawiri.

"Ikani yopepukayo, imadzuka msanga. Kusiyana kwake n'kwa dzina chabe." Mawu anga, dzina langa pamwamba.

M'munsi mwake munali yankho la Amalume: "Mwatsimikiza? Ngati pulogalamu yanu imatumiza mauthenga, yopepuka siikwana." Ndipo ine, mayo ine, ndinayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu. Funsolo sindinaliwerenge n'komwe, ndinali pafoni ndi mlamu wanga tikukangana za diresi la ukwati.

Ndinapita pa desiki ya Amalume. Anali akukulunga kapu yawo m'nyuzipepala.

"Amalume, imelo ija muli nayo?"

"Ndili nayo."

"Nanga bwanji simunawaonetse abwana?"

Anaika kapuyo m'katoni, n'kuvula magalasi. Maso awo anali ofiira.

"Ndimadikira kuti munene nokha, mayi. Ndinadikira mpaka pamene ndimakatenga katoniyi."

Chitseko cha abwana chinali chotsegula, masitepe asanu kuchokera pamene ndinaima. Ndinanyamula laputopu, imelo ili pa sikirini, n'kuyamba kuyenda.