Mng'alu pa Bolodi la a Fintan

Moni, okondedwa owerenga. Tithokoze Mulungu amene watidzutsa lero ndi kutipatsa mpata wokhala pansi ndi nkhani iyi.

Fredson anatsika basi ku Blanchardstown mapepala ake ali m'thumba la jekete. Panali patatha miyezi isanu ndi sabata imodzi chichotsedwereni ntchito. Fakitale ya zipangizo za m'chipatala imene ankagwirako inasamutsira makina ake kudziko lina, anthu makumi anayi n'kulandira makalata tsiku limodzi. Kwa Fredson vuto silinali ntchito yokha. Chilolezo chake chokhalira ku Ireland chinali chomangiriridwa ku ntchitoyo, ndipo anapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi kuti apeze ina. Ikatha, iye, mkazi wake Clementina ndi mwana wawo Joy anayenera kulongedza.

Sanalire tsiku la kalatalo, ngakhale masiku otsatira. Ankadzuka, kuperekeza Joy kusukulu ku Lucan kumene ankakhala, kulemba makalata ofunsira ntchito, kudikira. Ku Misa ankaima ena akaima, kugwada ena akagwada. Nyimbo zimene kale ankaziimba mpaka mawu kusasa zinkangomudutsa ngati basi ya njira ina.

Kampani imene inamuitana tsiku limenelo inali yaing'ono. Inkapanga timabolodi ta magetsi toikidwa m'masetilaiti, makina aja amene amaponyedwa m'mlengalenga n'kumazungulira dziko. Anamuveka chovala choyera chophimba thupi lonse ndi magolovesi, n'kumulowetsa m'chipinda chosalola fumbi. Anamulandira a Fintan, injiniya wachikulire amene ankangooneka maso ndi nsidze za imvi. Pambali panali amayi awiri akugwira ntchito zawo.

"Kuno sitifunsa mafunso ambiri," anatero a Fintan. "Chinthu chikapita kumwamba kuja palibe angakwere ndi sipanala kukachikonza. Tiyeni tione manja anu."

Anamupatsa timawaya kuti awotcherere pa kabolodi. Manja a Fredson anakumbukira okha, mtima uli kwina. Atamaliza, a Fintan anagwedeza mutu movomereza n'kumuikira mabolodi atatu pansi pa makina okulitsa zinthu. Ntchito yake inali kuyang'ana lililonse, kulemba pa fomu ngati lili bwino kapena ayi, n'kusaina.

Loyamba linali bwino. Lachiwiri linali ndi waya wosagwira, ndipo analemba choncho.

"Lachitatuli ndawotcherera ndekha dzulo," anatero a Fintan. "Zaka makumi atatu ndili pa ntchito imeneyi. Muone mmene timafunira kuno."

Fredson anaika maso pa makinawo. Pangodya ya kumanzere, pamene mtovu unagwira kamwendo ka chitsulo, panali mng'alu wopyapyala kuposa tsitsi. Anaphethira, n'kuyang'ananso. Unalipo ndithu.

Kwawo ku Ntcheu anakula akudziwa kuti wamkulu sauzidwa kulakwa kwake ana ake akumva. Umadikira anthu achoke, n'kumufikira cham'mbali. Fredson anadikira kuti amayi awiri aja atuluke. Sanatuluke. A Fintan anaima pambuyo pake, manja ali kumsana. Iye anatenga cholembera, nalemba kuti bolodi lili bwino, nasaina.

A Fintan anaiyang'ana fomuyo kanthawi. "Zikomo pobwera. Tikudziwitsani."

Ali pamalo odikirira basi foni inalira. Anali Clementina, akuimba kuchokera kunyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito.

"Bambo a Joy, intavyu yayenda bwanji?"

"Yayenda."

"Yayenda kulowera kuti? Lankhulani, break yanga ndi ten minutes."

Fredson anafotokoza zonse ndi mawu osakwera osatsika, ngati akuwerenga chilengezo cha kutchalitchi.

"Ndiye mwalemba chiyani?" anafunsa Clementina.

"Kuti lili bwino."

"N'kusaina?"

"N'kusaina."

"Inu nomwe munandibwezetsa ketulo kushopu chifukwa cha kawaya kamodzi kosuzumira?"

"Ndi munthu wamkulu, mayi a Joy. Msinkhu wa bambo anga. Pamaso pa antchito awo ndikanatani?"

"A Fintan anuwo ndi apongozi anu? Kapena munakwatira mwana wawo ine osadziwa?"

Fredson sanaseke.

"Ine kuno," anapitiriza Clementina, "agogo a ninety years ndimawauza kuti mwavala juzi mozondotsa, ndipo amandithokoza. Inu mwaika dzina lanu pansi pa chinthu chimene mukudziwa kuti n'chabodza. Chikakafera kumwambako, mudzati unali ulemu?"

"Ntchitoyo yapita kale."

"Ipite. Ngati tikulongedza in three weeks, tilongedza, Mulungu yemweyu alinso ku Ntcheu. Koma miyezi isanu ndakhala ndi mwamuna amene ndikati kwacha amati kwacha, ndikati kwada amati kwada. Ameneyo ndiye sindikufuna kukwera naye ndege." Belu linamveka pafoni. "Belu likulira, agogo akundifuna."

Foni inaduka. Basi ya ku Lucan inafika, chitseko n'kutseguka. Dalaivala anamuyang'ana Fredson, Fredson anamuyang'ana dalaivala. Chitseko chinatsekeka, basi n'kupita. Mumtima mwake munalibe kulimba mtima kulikonse, munalibenso mantha. Anangotembenuka n'kuyenda njira yomwe anadzera.

Anapempha wolandira alendo kuti amuitanire a Fintan. Anatuluka atavula chovala choyera chija, kapu ya tiyi ili m'manja. Anali aafupi, a dazi, achikulire kuposa mmene Fredson ankaganizira.

"Mwaiwala kanthu?"

"Ayi, bambo. Bolodi lachitatu lija lili ndi mng'alu pangodya ya kumanzere. Ndalemba zabodza."

A Fintan anamwa tiyi. "Ndikudziwa za mng'aluwo. Ndinauika dala. Munauona liti?"

"Nditangoyang'ana."

"Ndiye bwanji?"

"Kwathu munthu wa msinkhu wanu sitimuchititsa manyazi pagulu."

"Imvi zanga sizikwera kumwamba, bambo. Limakwera ndi bolodi." Anaika kapu patebulo. "Sabata ino abwera anthu anayi, kuphatikiza inu. Awiri sanauone. Amenewo ndingawaphunzitse, kungoti nthawi ndilibe. Mmodzi anauona n'kukhala chete monga inu, ndipo sanabwerere. Munthu woona n'kukhala chete ndi amene ndimamuopa kwambiri. Ine ndimalakwitsa zenizeni, mwina kawiri pa mwezi. Maso anga si a kale."

Fredson anayang'ana pansi. Anadikira kuti auzidwe kuti apite.

A Fintan analowa mu ofesi n'kutuluka ndi fomu ija. "Kuno sitifufuta ndipo siting'amba. Dulani mzere umodzi pa zimene munalemba, zizionekabe. Pambali lembani zoona, nthawi, ndi dzina lanu."

Fredson anadula mzerewo. Mawu ake oyamba anatsalabe pansi pake, owerengeka bwino kwa aliyense amene adzatsegule failo. Analemba za mng'alu, nasaina kachiwiri.

"Chatsala chimodzi," anatero a Fintan. "Valaninso. Mukanene m'chipinda muja, amayi aja, Nuala ndi Sophie, akumva."

Kuvala kunatenga nthawi: kusamba m'manja, chisoti, chovala, nsapato, magolovesi. Atalowa, amayi awiri aja anadzutsa mitu. A Fintan anakhala pampando n'kupinda manja. Fredson anaima pafupi ndi makina aja.

"Bolodi limene a Fintan awotcherera," anatero, "lili ndi mng'alu. Siliyenera kudutsa."

"Sitinamve," anatero Nuala, wamkulu mwa awiriwo. "Ife tonse makutu athu ali m'zisoti."

Fredson anabwereza mokweza. Mawu ake anamveka achilendo kwa iye mwini.

"Aka kanali kophweka," anatero Sophie, akubwerera ku ntchito yake. "Dikirani tsiku limene adzalakwitse osafuna. Amakana mpaka madzulo."

A Fintan anamuperekeza mpaka pakhomo. "Lolemba mubwere ndi pasipoti ndi mapepala a pemiti. Ife titumiza pempho la chilolezo chanu chatsopano. Sindingalonjeze kuti a boma ayankha masiku anu asanathe, koma titumiza Lolemba lomwelo."

"Zikomo, bambo."

Panja Fredson sanaimbe foni nthawi yomweyo. Anakhala pa kakhoma ka malo oimika magalimoto, kudikira chimwemwe. Sichinabwere. Kenako anatulutsa foni m'thumba. Analembera Clementina mawu awiri: "Ndawauza. Lolemba."

Inu amene mwawerenga, makamaka amene mukudikira yankho limene silinafike, Ambuye akusungeni m'masiku amene mtima sumva kanthu. Akupatseni mawu pamene mukuyenera kulankhula, ndipo mtendere wake ukhale pa inu ndi pa nyumba zanu. Amen.