Tochi Yotsomeka pa Denga la Chigafa

"Amalume, kodi m'tochimu muli ndani amene amawerenga kuti mwadina kangati?"

Anafunsa choncho Idesi, mwana wa aneba, tsiku lina ataona Efulemu akudina batani kawiri tochi n'kuwala kwambiri, kudinanso n'kuyamba kuphethira. Efulemu anaseka, koma funsolo silinali lachibwana. M'tochi zamtundu umenewo mumakhala kachipi kakang'ono ngati njere ya mpunga, ndipo m'kachipimo mumakhala pulogalamu yolamula zonse: kuwala kuyambire pati, kukwere bwanji, kutsike liti. Amene anailemba, kutali kunja uko, anaisiya poyera kuti aliyense wofuna aitenge, aiwerenge, asinthe pamene sipakumusangalatsa.

Efulemu ankakonza mafoni pa msika wa Mitundu, ndipo zosintha mapulogalamu a tochi zinamulowa m'magazi monga mmene ena imawalowera bawo. Pa zonse za m'pulogalamuyo, chimene chinkamunyansa chinali chimodzi. Tochi ikawala mwamphamvu kwa kanthawi, inkayamba kudzichepetsa yokha, ati poopa kutentha. Iye ankati umenewo ndi mantha a anthu a kumaiko ozizira. Anapeza mizere yolamula zimenezo n'kuichotsa, ndipo atayesa m'manja mwake kwa kamphindi anaona kuti zili bwino, kungofunda chabe.

Aneba ake, a Lovemore, amene aliyense ankawatchula kuti bambo a Idesi, anali mlimi wa fodya. Mlamu wawo wa ku Joni anawatumizira tochi yamtundu womwewo, koma inawasowetsa mtendere. Akafuna kuzimitsa inkaphethira, akafuna kuwalitsa inkazirala. Anabwera nayo kwa Efulemu n'kupempha kuti ingokhala ngati tochi ya anthu: kudina iyake, kudina izime. Efulemu anaichita zimenezo ndi mtima wonse. Anaifulasha, ndiko kuti anailowetsa pulogalamu yake yosintha ija, anaikonza kuti izingoyakira pa mphamvu yonse, ndipo Lachisanu madzulo anakaipereka yekha pa mpanda. Sanalandire kanthu. Za aneba salipiritsa.

Loweruka m'mawa ananyamula laputopu yake yakale ulendo wa ku Nathenje, kwa mnzake Che Bakali, amene anali ndi shopu yosindikiza ndi kujambula mapepala m'mbali mwa msewu waukulu. Awiriwa anadziwana pa gulu la pa foni la okonda tochi, ndipo chiyambire kudziwana sanagwirizanepo pa nkhani ya makompyuta. Che Bakali anali wa Windows. Ankati makasitomala onse amaidziwa, pulinta imangoigwira popanda kuipempha, ndipo munthu wa bizinesi alibe nthawi yolemba malamulo pa chinsalu chakuda ngati mlembi wa khoti. Efulemu anali wa Linux. Ankati laputopu yake inali itatayidwa kale ngati yakufa, koma Linux inaidzutsa, ndipo palibe chimene imachita mobisa kwa mwini wake.

Tsikulo anagwirizana zoyesa pamaso: aliyense afulashe tochi imodzi pa kompyuta yake, aone amene amalize msanga. Efulemu analemba mzere umodzi, anadina, ndipo tochi yake inayaka Che Bakali akadatsegula mawindo awo. Anaiimika chozondoka pa mulu wa mapepala otayidwa pa kauntala, ikuyaka, kuti ikhale mboni, n'kupinda manja.

"Mwaona, Che Bakali? Inu mukadagogoda pakhomo, ine ndadya kale ndasamba m'manja."

"Kudya msanga si kukhuta, achimwene. Mubwere nayo Linux yanuyo Lolemba, mudzasindikize satifiketi ya mwana wa sukulu makolo ake ataima apa, tidzaone ngati simudzatuluka thukuta."

Mkangano unapitirira, kuchoka pa pulinta kupita pa mavairasi a m'mafulashi, kuchoka pamenepo kupita pa nkhani yakuti ndani mwa awiriwa anayamba kugwira kompyuta. Amene anayamba kununkhiza anali Che Bakali. Anayang'ana ku soketi, anayang'ana kunsi kwa fotokope, kenako maso awo anaima pa kauntala. Utsi woonda unkakwera kuchokera pansi pa tochi ija. Efulemu anaigwira kuti aichotse, ndipo anaiponya pansi nthawi yomweyo, zala zitamuwawa ngati wagwira chitsulo cha pa mbaula. Pa mapepala panali bowo lakuda lozungulira, m'mphepete mwake mukuyenda moto wofiira. Che Bakali anathirapo madzi a m'botolo lawo lakumwa.

Kenako Che Bakali anakokera laputopu ya Efulemu kwa iwo, ya Linux yomwe ankainyozayo, n'kuwerenga pulogalamu ija pang'onopang'ono, chala chili pa galasi. Atafika pamene panayenera kukhala malire a kutentha anapeza palibe. Anafunsa motsitsa mawu ngati pulogalamu imeneyi inalowanso m'tochi ina.

Efulemu anakumbukira tochi ya aneba ake ija. M'mutu mwake munali mayi a Idesi, a Zipora. Mvula inali itagwa sabata yonseyo, ndipo mvula ikatero alimi amalowa pakati pa chigafa kukayang'ana ngati fodya wayamba chuku. Pakati pa chigafa chodzaza pamakhala mdima ngakhale masana, chifukwa masamba amalendewera mothithikana kuyambira kudenga mpaka m'mawondo. Ndipo ntchitoyo imafuna manja onse awiri. Iye anawaonapo a Zipora kambirimbiri mmene amachitira, mmene amachitira aliyense kumeneko: kuyatsa tochi n'kuitsomeka mu udzu wa denga, iwo n'kumapatula masamba. Tochi za pa msika zimakhala m'menemo tsiku lonse osafunda n'komwe.

Anaimba foni ya bambo a Idesi. Inalira osayankhidwa, ndipo ili mkati molira anakumbukira kumene inali: pa shelefu m'shopu yake yomwe, pa chaja pamene mwini wake anaisiya, chitseko atakhoma yekha ndi loko. Anaimbira mkazi wa iye mwini kuti akachenjeze aneba, koma mayiyo anali ku msonkhano wa amayi a Mvano ku Nkhoma, kumene mafoni amazimitsa. Che Bakali anatuluka panja n'kuimitsa njinga yamoto ya kabaza. Laputopu inatsala pa kauntala, chitsegukire.

Msewu wa fumbi wodutsa kumidzi unali matope okhaokha. Wakabaza ankazemba zithaphwi, nthawi zina n'kutsitsa mapazi, ndipo Efulemu kumbuyo ankangodziuza kuti mwina a Zipora apita kudimba, mwina atenga tochi yawo yakale, mwina batire latha. Ankadziwa kuti silinathe. Analitchaja yekha mpaka kudzaza, kuti aneba akasangalale.

Utsi anauona asanafike pa mjigo. Sunali wakuda ngati wa matayala. Unali wotuwa, wolemera, ndipo mphepo itaubweretsa kumaso kwake unanunkha fodya, fungo la ndudu imodzi yaikulu yosuta mudzi wonse. Anatsika njinga isanaime bwino.

Chigafa cha bambo a Idesi chinali chitadulidwa pakati. Amuna a m'mudzi, ataona kuti madzi a m'ndowa sakuphula kanthu, anagwetsa nsanamira zapakati ndi nkhwangwa n'kukokera denga pansi kuti moto usawoloke. Mbali ya kummawa inali phulusa ndi mitengo yofuka. Mbali ya kumadzulo inaima, fodya wake akulendewera, wina atanyowa. A Zipora anakhala pansi pa mtengo wa mango, dzanja lamanja atalikulunga m'chitenje chonyowa, amayi anzawo atawazungulira. Ankangobwereza mawu omwewo kwa aliyense wofika, kuti iwo sanalowe ndi moto, sanalowe ndi machesi, anangotuluka kukamwa madzi, pobwerera anapeza denga likuyaka pamwamba pa mutu. Anthu ankagwedeza mitu, koma maso awo ankanena zina. Kumbuyo kwa gululo wina anali atayamba kale kunong'ona kuti moto wopanda machesi uli ndi mwini wake.

Bambo a Idesi anali ataima okha m'mphepete mwa phulusa, nkhwangwa ili m'manja. Iwo anathamanga kuchokera kumunda ataona utsi. Sankalira, sankakalipa, ankangoyang'ana pamene panali fodya wa masamba apansi, woyamba kuthyola, amene anali atauma kale bwino.

Efulemu anatola kamtengo n'kuyamba kufukula phulusa pansi pa pamene panali mtanda wa denga. Sanachedwe kuipeza. Inali yakuda, galasi litasweka, kumbuyo kutaphulika. Anaikankhira poyera ndi kamtengoko mpaka pa mapazi a aneba ake, ndipo anayankhula mokweza kuti a pansi pa mango amve.

"Aneba, moto wachokera umu. Mayi a Idesi sanalakwe kanthu. Tochiyi inali ndi malire oti ikatentha izidzichepetsa yokha, ine ndinawachotsa. Sindinakuuzeni chifukwa sindinkadziwa kuti ingafike apa."

Kunong'ona kuja kunatha. Bambo a Idesi anayang'ana chitsulo chakudacho nthawi yaitali, ngati munthu amene wauzidwa kuti nkhuku yake yaluma ng'ombe. Anafunsa ngati tochi ingayatse udzu popanda lawi. Efulemu anawaonetsa zala zake, zimene zinali zitatuluka matuza, n'kuwafotokozera za mapepala a ku Nathenje. Bambo a Idesi anafunsanso kuti anachotseranji malirewo, popeza iwo anangopempha kuti iziyaka ndi kuzima. Efulemu ananena zoona zokhazokha, kuti ankafuna iziwala kwambiri, ndipo ankaganiza kuti akuwachitira zabwino.

Mlimiyo anatsamiritsa nkhwangwa pa nsanamira yotsala. Anapita kaye pansi pa mango, anagwada, anamasula chitenje n'kuona dzanja la mkazi wake, ndipo anapempha wakabaza uja, amene anali akadaima pomwepo kukamwa kuli yasa, kuti awatengere kuchipatala cha pa Mitundu. Njinga itanyamuka anabwerera kwa Efulemu. Kumwamba mitambo inali itayambanso kusonkhana cha ku Dzalanyama, ndipo onse awiri anaiona. Fodya wotsalayo anali pansi pa theka la denga, mbali imodzi ili pululu.

"Za fodya wapsayu tikambirana mtima ukakhala pansi, lero sindingathe," anatero bambo a Idesi. "Koma uyu akanyowa, ndiye kuti chaka chatha."

Efulemu anati kuseri kwa nyumba yake kuli khumbi la malata limene amasungiramo njinga ndi mawailesi akufa, ndipo akatulutsa zonsezo fodya angakwanemo wambiri. Anati shopu ikhala yotseka mpaka chigafa chitaimanso, mitengo ndi udzu akafunafuna yekha, ndipo dzanja la mayi a Idesi likadali m'bandeji, kupatula masamba azichita iye, akangomuonetsa kachitidwe kake.

Bambo a Idesi anamuyang'ana zala zamatuza zija, kenako kumaso.

"Mukatero, aneba, ine nkhaniyi sindipita nayo kwina. Ithera pa mpanda wathu womwewu."

"Nditero. Tiyeni tiyambe ndi mzere wa kunjawu mvula isanafike."