Ndichotseni Ntchito, Chonde

Lolemba m'mawa ndinapita kufakitale ya sopo kukapempha kuti andichotse ntchito. Ndinavala siketi yakuda imene ndinavala tsiku lolandira digiri, poganiza kuti munthu wokapempha chinthu chachikulu ayenera kuoneka bwino.

Kwa chaka ndi miyezi iwiri ndinkalongedza sopo m'makatoni, mitanda makumi awiri ndi inayi m'katoni iliyonse. Tinali aganyu. Loweruka lililonse kapitao ankalemba pa bolodi loyera la pakhomo mayina a anthu oti abwere sabata yotsatira, ndi masiku awo. Dzina langa linkapezeka masiku asanu, kenako atatu, kenako Lachiwiri lokha. Loweruka lina ndinawerenga bolodi lonse kuchokera pamwamba, n'kubwereza kuchokera pansi, ngati kuti dzina lingamubisalire munthu wowerenga chotsika. Panapita masabata asanu ndi limodzi foni yanga ili zii.

Kenako sukulu ina inandisankha kuti ndikakhale mlembi wa mu ofesi. Ahedi ake anafuna chinthu chimodzi pofika Lachisanu masana: kalata yochokera kumene ndinkagwira, yonena nthawi imene ndinagwirako ndiponso yotsimikiza kuti sindinenso wantchito wawo. Anati anapusitsidwapo ndi mlembi wina amene ankagwira malo awiri. Popanda kalatayo, malowo apita kwa munthu wachiwiri pa mndandanda.

Ndiyenera kuulula kuti digiri yanga ndi ya kasamalidwe ka antchito. Chaka chomaliza ndinalemba masamba makumi asanu ndi atatu onena za ufulu wa anthu aganyu, ndipo ndinakhoza bwino kwambiri. Ndimakhala kwa achimwene anga, ndipo alamu anga nkhani imeneyi amaikonda kuposa ine.

"Dokotala wa mano, mano ali gwedegwede," anatero m'mawa umenewo akundiona ndikupukuta nsapato. "Anzako akupempherera ntchito, iwe ukupempherera kuchotsedwa. Abusa tikawauze kuti chiyani?"

Kapitao ndinamupeza pamalo opakirira katundu, cholembera chili kukhutu.

"Ee, a Digiri! Mwatikumbuka lero?"

"Ndabwera kudzatenga kalata, a kapitao. Yoti munandichotsa ntchito."

"Wakuchotsani ndani?" Anayang'ana uku ndi uku ngati ndamuuza kuti mwalowa wakuba.

"Dzina langa palibe pa bolodi. Ino ndi sabata yachisanu ndi chiwiri."

"Kufufuta si kuchotsa, achemwali. Bolodi ndi laling'ono, anthu ndi ambiri. Maoda akabwera tikuitanani."

Apa ndinaimirira bwinobwino n'kuyamba kufotokoza. Ndinati munthu akagwira ntchito pamalo amodzi kwa nthawi yaitali, kumutchula waganyu sikumulanda ufulu wouzidwa kuti ntchito yake yafika pamapeto. Ndinatchula mawu oti "pachifukwa chimenechi" kawiri. Kapitao anamvetsera mwaulemu, akugwedeza mutu, mpaka anandigwira pachigongono.

"Tasunthirani uku pang'ono, ngolo ikudutsa."

Ngoloyo itadutsa, kapitao anali atadutsa nayo limodzi.

Ndinapita pawindo la ofesi. Mayi amene amakhala pamenepo timawatchula Mayi a Chidindo, chifukwa chidindo cha kampani amachisunga m'chikwama chawo, ndipo amapita nacho ngakhale kuchimbudzi. Anandimvetsera akusenda tepi imene inamata pa desiki.

"Sitingakuchotseni, mwana wanga. Sitinakulembeni."

"Nanga chaka chonse chija ndinkachita chiyani muno, mayi?"

"Munkatithandiza."

"Chabwino, ndiye ndilembe ndine kalata yosiya ntchito, inu mungodinda."

"Musiye chiyani?"

Funso limeneli m'masamba anga onse aja munalibe.

Kunja kwa geti, pa kakhoma kamene aganyu amakhala podikira kuti mwina wina ajomba, ndinapeza Mayi a Tepi. Anali atagwira ganyu m'fakitalemo zaka zisanu ndi zinayi, ndipo palibe amene ankamata katoni mwachangu ngati iwo. Sabata imeneyo anali ndi tsiku limodzi lokha pa bolodi, Lachisanu, koma ankabwerabe m'mawa uliwonse. Anandisunthira kuti ndikhale, akuyang'ana siketi yanga.

"Maliro ali kuti?"

Ndinawafotokozera. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe mwana, zaka zonsezi kalata ndinaiona kamodzi. Anapatsa bambo wina amene anamupeza akuliza mkonono m'makatoni. Muno pepala amapatsa wolakwa. Ukulifuna? Lakwa."

"Ndilakwa bwanji ndili kunja kuno?"

"Ovolosi ukadali nayo?"

"Ilipo."

"Ndiye ukufunsanso chiyani? Lowa, ukhale pansi, upinde manja. Akakwiya akulembera. Zoti alemba zoipa kapena zabwino, uziona pambuyo."

Ndinadziwa kuti kalata yonena kuti ndine waulesi singasangalatse ahedi. Koma Lachisanu linali pafupi, ndipo ndinaganiza kuti kalata yoipa ili ndi pogwira, pamene kusowa kalata kulibe.

Lachiwiri ndinavala ovolosi n'kulowa pakati pa anthu a tsikulo. Mlonda anandipatsa moni wa masiku onse, n'kufunsa ngati ndinadwala. Ndinakafika pamalo panga pakale, kumapeto kwa lamba wonyamula sopo, ndinatembenuza katoni n'kukhalapo, manja ndapinda.

Ndinapirira mphindi zinayi.

Lamba anayamba kuyenda, sopo n'kumaunjikana pamapeto. Mtanda umodzi unagwa pansi, wina n'kutsatira. Mtsikana amene anali pamenepo anali watsopano, ankaika mitanda chopingasa, katoni n'kumakana kutsekeka. Ndinangofuna kumuonetsa kamodzi kokha. Pamene ndinkazindikira n'kuti manja anga akugwira okha, inayi inayi, mizere isanu ndi umodzi, kutseka, kukankha. Chiyambire sukulu ya mkaka sindinakhalepo mwana wovuta, ndipo ndinapeza kuti khalidwe limeneli munthu saliphunzira tsiku limodzi. Cha m'ma teni koloko ndinayesetsa ndithu: ndinaika mitanda makumi awiri ndi itatu m'katoni ina, n'kuimata. Ndinamva ngati ndapha munthu. Ndinaitsatira mpaka pa mulu, n'kuitsegula, n'kuikamo wotsalawo.

Kapitao anandipeza masana thukuta lili kamukamu. Ndinadikira kuti akalipe. Anayang'ana mulu wa makatoni anga, n'kuitana ena kuti adzaone.

"Mwaona? Munthu wofuna ntchito ndi uyu. Sanaitanidwe, koma taonani!"

Anapita pa bolodi, anafufuta dzina lina ndi chala chachikulu, n'kulembapo langa. Tsiku lake linali Lachisanu. Dzina limene anafufutalo linali la Mayi a Tepi.

Ndinaima pamenepo ndikuwerengera zimene ndapindula. Ndinagwira ntchito tsiku lonse popanda wondituma, ndinalanda mayi wa ana anayi tsiku lake limodzi, ndipo tsopano panali umboni wolembedwa woti ndine wantchito wa pafakitale, pa tsiku lenileni limene ndinkayenera kukatsimikiza kuti sindine.

Nthawi isanakwane folo koloko lamba anaima, chifukwa sopo wa tsikulo anali atatha. Kapitao anawomba m'manja akuyenda pakati pathu.

"Ntchito yatha! Ntchito yatha, anthuni, kwanu!"

Ndinamuyang'ana pakamwa. Mawu amene ndinkawafuna kuyambira Lolemba, bambo ameneyu ankawanena mokuwa, mwaulere, pamaso pa mboni makumi atatu.

Kunyumba ndinauza alamu, ndipo anati, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ukudikira kuti akulembere ndani, iwe wodziwa kulemba?" Lachitatu m'mawa ndinapita pa kashopu kosindikiza mapepala. Ndinayamba ndi ndime zitatu, n'kumadula, mpaka panatsala mizere iwiri: mwini kalatayi wagwira ntchito yolongedza sopo pa fakitale ino kuyambira mwezi wakuti mpaka mwezi wakuti, ndipo ntchitoyo yatha.

Kapitao anaiwerenga ataimirira, milomo ikuyenda.

"Palibe pamene pakunena kuti ndakuchotsani?"

"Palibe."

"Pamene pakunena kuti ndinakulembani?"

"Palibenso. Ndingofunsa, a kapitao: yatha kapena siinathe?"

"Yatha, inde. Maoda kulibe."

Anachotsa cholembera kukhutu, anatsamiza pepala pa katoni n'kusayina. Ine mumtima ndinali nditayamba kale kudziwombera m'manja, ndikuganiza mmene ndikawafotokozere alamu za msampha wanga. Pondipatsa pepalalo sanalisiye msanga.

"A Digiri, musaganize kuti sindikudziwa chimene ndasayina. Amene ali pamwambawo safuna kuti ndinene mawu ena, ndiye sindiwanena. Awa sanandiletse. Mukanabwera ndi kapepala aka Lolemba m'malo mwa ulaliki uja, bwenzi tonse titapuma." Anayang'ana ku bolodi. "Koma dzulo munatithandiza kwambiri."

Ndinapempha kuti abwezere dzina la Mayi a Tepi pa Lachisanu. Anatero ndi chala chomwe chija. Mayi a Chidindo ataona siginecha ya kapitao anatsegula chikwama, anauzira mpweya pa chidindo, n'kudinda chozondoka. Sindinadandaule.

Pa kakhoma paja ndinaonetsa Mayi a Tepi kalatayo. Anaigwira m'mphepete ndi nsonga za zala kuti asaidetse. Ndinawauza kuti ndingathe kuwalembera yawo, ndi ya wina aliyense pamenepo, ndipo ndinayambanso kufotokoza kuti pepala lotere ndi poyambira munthu akafuna kukadandaula ku ofesi yoona za antchito.

"Zoona zimenezo?" anafunsa bambo wina amene anakhala chapafupi.

"Zoona. Zaka zimene mwagwira zikalembedwa, palibe anganene kuti munkangothandiza."

Bamboyo anati aganizira. Mayi a Tepi anandibwezera kalata ija.

"Iwe uli ndi kopita, mwana wanga. Ine pepala loti ntchito yatha ndikalionetsa kwa ndani? Ine ndikufuna iyambe." Anayang'ana ku geti, kumene mlonda ankatsegulira lole. "Koma usataye nambala yanga. Chaka chino chikatha chonchi, udzandilembere. Udzaike zaka zonse zisanu ndi zinayi, usadzadule."

Lachisanu ndinafika kusukulu kuja nthawi ya naini. Ahedi analandira kalata yanga, anaiyang'ana nthawi yokwanira kuona kuti pali chidindo, anaiboola mabowo awiri n'kuiika mu fayilo. Kenako ananditulutsira mapepala atatu omata pamodzi.

"Poyamba mugwira teremu imodzi," anatero. "Tione kaye kuchuluka kwa ana amene alembetse. Werengani, ngati pali funso mufunse."

Ndinatsegula tsamba lomaliza n'kusayina. Funso ndinali nalo limodzi, ndipo ndinafunsa: mpando wanga ndi uti?