Makoswe Okhala Okha

Shorouk anali kusintha utuchi m'timabokosi ta makoswe pamene Haytham anatsamira pachitseko, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Mayi a makoswe, ana adzuka bwanji?"

"Tiyi salowa muno, ukudziwa."

"Zambiri siziloledwa muno, koma zimapezekamo," anatero Haytham, n'kupsontha tiyi wake akumuyang'ana.

Awiriwa ankachita maphunziro awo apamwamba pansi pa Pulofesa Medhat, m'zipinda zapansi za nyumba ina yakale ku Alexandria. Makoswe oyera anawagawa pawiri atangoleka kuyamwa. Makoswe a Haytham ankakhala pamodzi m'khola lalikulu la makwerero, timagudumu tothamangamo ndi mipaipi yobisalamo. Makoswe a Shorouk ankakhala aliyense yekha m'kabokosi kake: madzi, chakudya, utuchi, basi. Pamapeto onse ankayenera kuphedwa, ubongo wawo n'kuudula tizidutswa topyapyala, kuti aone ngati kusewera ndi kukhala ndi anzawo kunakhuthalitsa chikopa chakunja cha ubongo ndi kuchulukitsa nthambi za timitsempha take.

Shorouk anatsatira malamulo mpaka pamene khoswe wina anayamba kudzidya mchira. M'mawa uliwonse ankapeza magazi pautuchi. Tsiku lina anamuponyera kachidutswa ka katoni. Khosweyo anakang'amba, anamanga chisa, mchira n'kuuleka. Kenako Shorouk anayamba kumusisita pamsana ndi chala. Poona kuti enawo akungozungulira m'makona ngati amisala, nawonso anayamba kuwapatsa katoni. Zinyenyeswa ankazitola yekha asanaweruke.

Masana a tsikulo Pulofesa Medhat anatsika kudzaona tizidutswa ta makoswe oyamba kuphedwa. Anali bambo wolankhula motsitsa, wosakwiya poonekera. Anaika diso pamakina oonera tinthu tating'ono, nasinthanitsa kangapo magalasi okhala ndi tizidutswa ta magulu awiriwo.

"Kusiyana kulipo, koma n'kochepa," anatero. "Ubongo wa okhala okhawa ukuoneka ngati wa makoswe amene anali ndi chochita. Mwana wanga, sunasokoneze magalasi?"

"Ayi, a Dokotala," anayankha Shorouk.

Haytham anapisa m'thumba la malaya ake oyera, natulutsa kapulasitiki kodzaza ndi zinyenyeswa za katoni. Anakaika patebulo bwinobwino.

"Ndakhala ndikuzipeza m'bini ya chipinda chake, a Dokotala. Sindinafune kulankhula ndisanatsimikize. Wina uja wa mchira waufupi amachita kubwera yekha akamva mapazi ake."

Pulofesa anavula magalasi ake a maso n'kuyamba kuwapukuta.

"Unawamvera chisoni?"

Shorouk anayang'ana pansi. "Ankadzidya, a Dokotala. Magazi tsiku lililonse."

"Ndiye chimene tinkafuna kuona chimenecho. Ukanandiitana, ukanandionetsa." Anabwezera magalasi kumaso. "Makoswe amenewa akanafa ali ndi ntchito. Chisoni chako chawasandutsa makoswe wamba, ngati a kumsika wa nsomba. Avutika miyezi yonseyi popanda chimene atiphunzitsa. Amene atsalawo uwaphe lero. Ubongo usachotse, ndilibe nawo ntchito. Ukaike m'thumba lopita kung'anjo yotenthera zinyalala."

"A Dokotala, mwina a Haytham angathe..."

"Manja amene anawasisita ndi amene amawadziwa bwino. Kafukufukuyu akhala m'dzina la Haytham. Iwe uyambirenso, ndipo gulu lako likhala lomweli la okhala okha. Ukalephera kachiwiri, bambo ako akakupezere mwamuna, ukalere ana ako ndi chisoni chimenecho."

Anatuluka akufunsa Haytham ngati nyemba zophika zogulitsidwa pakona pa msewu zija n'zabwinobe.

Shorouk anakokera bokosi la mpweya wophera pakati pa tebulo. Makoswe oyambirira anawanyamula pamchira monga anaphunzitsidwira, osawayang'ana kumaso. Anatsegula mpweya, anadikira mpaka miyendo italeka kuphiriphitha, anatseka, anatenga wina. Atafika pa wa mchira waufupi panalibe pogwira. Khosweyo anakwera yekha pachikhatho chake, nayamba kununkhiza m'mphepete mwa malaya kufuna katoni. Anali wofunda, mtima ukugunda pang'onopang'ono, wopanda mantha. Shorouk anamutsitsira m'bokosi. Khosweyo anaimirira ndi miyendo yakumbuyo, manja pagalasi, akuyembekeza chala chija. Shorouk anatembenuza kampopi.

Haytham anabwerera akutafuna buledi, napeza thumba litamangidwa kale.

"Bwanji sunandiuze ine ndekha?" anafunsa Shorouk. Mawu ake anali ouma.

"Ndikuuze kuti utani? Ubise bwino?" Haytham anameza. "Akanatulukira yekha, tonse tikanamira. Mayi anga anakonza kale pakhoma poti adzapachike chithunzi changa cha mkanjo wa digiri. Ndikawauze kuti mwana wawo walephera chifukwa mnzake anagwa m'chikondi ndi khoswe?"

"Unadikira mpaka ataphedwa oyamba aja."

"Umboni umafuna nthawi, Dokotala wam'tsogolo." Anagwedeza thumba lija ndi nsonga ya nsapato. "Kung'anjo akutseka msanga lero. Fulumira."

Patapita milungu ingapo anabweretsa makoswe atsopano, ana ongochotsedwa kumene kwa amayi awo, ataunjikana pakona ya bokosi ngati thonje. Haytham anasankha ake, napita nawo akuimba mluzu. Shorouk anavala magolovesi awiri dzanja lililonse. Anayala timabokosi pashelefu, nayamba kuwalekanitsa mmodzimmodzi.

Kotsiriza kanali kakang'ono kuposa onse. Katangoona kuti katsala kokha kanayamba kulira, kulira kwake kochepa ngati kwa chitseko chakutali, ndipo kanakakamira chala chake ndi timiyendo tonse tinayi. Shorouk anakayang'ana kanthawi. Kenako anakakutumula, kanagwera pautuchi chagada, iye n'kutsekapo chivundikiro.

Pulofesa Medhat, amene anaima pakhomo osamveka, anagwedeza mutu.

"Eya," anatero motsitsa. "Tsopano wayamba kuphunzira."